Carpathia: Zaka 15 za Sitima Yomwe Inatola Anthu a mu Titanic

Funso: Ndinakulira ku Nkhata Bay ndikuona Ilala ikubwera ndi kupita, ndipo nkhani za sitima zapamadzi zimandikoka mtima. Nthawi zonse nkhani ya Titanic ikamakambidwa, dzina la Carpathia limangotchulidwa kumapeto, kuti ndiyo inatola anthu opulumuka. Kodi imeneyi inali sitima yoikidwa kuti izipulumutsa anthu pangozi? Nanga n'chifukwa chiyani inafika Titanic itamira kale, ndipo iyoyo inathera kuti? Ndine bambo wa ku Nkhata Bay.

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanuli. Carpathia sinali sitima yopulumutsa anthu pangozi, ndipo m'masiku amenewo panalibe sitima yomwe inkakhala pakati pa nyanja ya Atlantic n'kumadikira kuti wina aitane. Inali sitima yamalonda ya kampani ya Cunard ya ku Liverpool, ndipo ntchito yake yeniyeni inali kunyamula anthu osauka a kum'mawa ndi kummwera kwa Ulaya omwe ankapita ku America kukafuna ntchito. Inayenda panyanja zaka 15, kuyambira 1903 mpaka 1918. Ine ndimaona kuti munthu sangamvetse zomwe inachita usiku wa Titanic ngati sanadziwe kaye kuti inapangidwira chiyani ndiponso kuti ankaigwirira ntchito anali anthu otani, chifukwa zonse zomwe zinathandiza usiku umenewo zinali zida ndi zizolowezi za ntchito yake ya masiku onse.

Sitimayi inapangidwa ku Wallsend, m'mbali mwa mtsinje wa Tyne kumpoto chakum'mawa kwa England, ndi kampani ya Swan & Hunter. Anaitsitsira m'madzi pa 6 Ogasiti 1902, ndipo ulendo wake woyamba inanyamuka pa 5 Meyi 1903 kuchokera ku Liverpool kupita ku Boston, kudzera pa doko la Queenstown ku Ireland, lomwe lero limatchedwa Cobh. M'litali inali mamita 170, m'lifupi mamita pafupifupi 20. Poti Ilala mumaidziwa bwino, ndipo kutalika kwake ndi mamita 52, dziwani kuti mutandandalika Ilala zitatu motsogozana sizingafike pa kutalika kwa Carpathia. Komabe pa Atlantic sinkaoneka yaikulu, pakuti Titanic inali mamita 269 ndipo malo a m'kati mwake ankaposa a Carpathia katatu. Inali ndi chumuni chimodzi chachitali chopakidwa utoto wofiira, chakuda kumutu kwake monga zinkakhalira sitima zonse za Cunard, milongoti inayi, ndi injini ziwiri za nthunzi zozungulitsa mapulopela awiri. Liwiro lake la masiku onse linali makilomita pafupifupi 26 pa ola.

Liwiro limeneli ndi lochepa, koma sikunali kulakwitsa kwa amisiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 makampani a sitima ankalimbirana ulemu wowoloka Atlantic mofulumira kuposa onse, ndipo makampani a ku Germany, Norddeutscher Lloyd ndi Hamburg America, ndiwo anali patsogolo. Mu 1902 mpondamatiki wa ku America, J. P. Morgan, anasonkhanitsa makampani angapo pansi pa ulamuliro wake, kuphatikizapo White Star yomwe pambuyo pake inadzakhala mwini wa Titanic. Cunard inayankha m'njira ziwiri. Njira yoyamba inali kukongola ndalama ku boma la Britain n'kupanga Lusitania ndi Mauretania, zomwe zinayamba kuyenda mu 1907 pa liwiro la makilomita oposa 45 pa ola. Koma sitima yothamanga chotero imameza malasha mosaneneka, ndipo malo omwe akadakhala a katundu amatengedwa ndi maboyila ndi mosungira malashawo. Njira yachiwiri, yomwe inkabweretsa phindu mwakachetechete, inali kupanga sitima zoyenda pang'onopang'ono, zosadya malasha ambiri, zokhala ndi malo aakulu a anthu ndi katundu. Ivernia ndi Saxonia zinali za mtundu umenewu, ndipo Carpathia inatsatira pambuyo pawo. Inali ndi zipinda zozizira zonyamulira nyama kuchokera ku America, ndipo poyamba inalibe ngakhale kalasi yoyamba: inkatenga anthu 200 a kalasi yachiwiri ndi 1,500 a kalasi yachitatu. Mu 1905 anaikonzanso kuti izitenga anthu 100 a kalasi yoyamba, 200 a yachiwiri ndi 2,250 a yachitatu. Manambala amenewa akukuuzani okha komwe ndalama za kampani zinkachokera.

Gawo lalikulu la moyo wa Carpathia linali pa njira ya pakati pa New York ndi nyanja ya Mediterranean. Mu 1904 boma la Hungary linapangana ndi Cunard kuti anthu ake opita ku America azikwerera pa doko lake la Fiume, mzinda womwe lero ndi Rijeka m'dziko la Croatia, m'malo modutsa mtunda wautali pa sitima yapamtunda kukakwerera ku Hamburg kapena ku Bremen n'kusiya ndalama zawo m'manja mwa makampani a ku Germany. Makampani a ku Germany sanalandire zimenezi ndi manja awiri, ndipo chaka chomwecho mitengo ya matikiti inagwetsedwa kwambiri pofuna kulandana anthu. Carpathia, pamodzi ndi Slavonia, Pannonia ndi Ultonia, inkayenda pakati pa New York, Gibraltar, Genoa, Naples, Trieste ndi Fiume. Popita kumadzulo inkadzaza ndi alimi olankhula zinenero za ku Hungary, Slovakia, Croatia, Serbia ndi Italy, omwe ambiri mwa iwo ankakathera m'migodi ya malasha ya ku Pennsylvania ndi m'mafakitale a zitsulo a ku Pittsburgh ndi Cleveland. Pobwerera kum'mawa inkanyamula anthu olemera a ku America opita kukaona malo ku Italy, omwe ndiwo anachititsa kuti pakhale kalasi yoyamba ija, komanso antchito obwerera kwawo ndi kangachepe komwe anasunga.

Ulendo wochokera ku Fiume kukafika ku New York unkatenga masabata oposa awiri. Anthu a kalasi yachitatu ena ankagona m'tizipinda ta mabedi awiri, anayi kapena asanu ndi limodzi, ena m'zipinda zazikulu za anthu ambiri, ndipo ankadya m'chipinda chodyera mosinthana magulu. Poyerekeza ndi sitima zakale, momwe munthu ankabwera ndi mbale yake n'kumadyera pabedi, kumeneku kunali kupita patsogolo, ngakhale kuti kuchulukana, fungo ndi chizungulire cha panyanja zinalipobe. Vuto lalikulu linali kutsogolo, pa chilumba cha Ellis ku New York, pomwe madokotala a boma ankatembenuza zikope za munthu aliyense kufufuza nthenda ya maso yotchedwa trachoma. Wopezeka nayo ankabwezedwa, ndipo kampani yomwe inamubweretsa ndiyo inkalipira ulendo wobwererawo. N'chifukwa chake sitima zotere zinkayenda ndi madokotala angapo odziwa zinenero za okwera. Mwa anthu omwe anagwirapo ntchito pa doko la Fiume m'zaka za 1904 mpaka 1906 panali mnyamata woimira boma la America, Fiorello La Guardia, yemwe anaumirira kuti anthu azipimidwa asanakwere, kuti banja lisagulitse munda ndi ng'ombe n'kukabwezedwa kutsidya. Mnyamata ameneyu anadzakhala meya wa mzinda wa New York. Mu 1907 mokha anthu oposa 1 miliyoni anadutsa pa Ellis, ndipo sitima ngati Carpathia ndizo zinkasenza khwimbi limeneli.

Pali gulu lina la anthu lomwe sindifuna kuti mulidumphe, chifukwa libweranso kawiri m'nkhaniyi. Pansi penipeni pa sitima, kutsogolo kwa maboyila, kunkakhala amuna othira malasha pamoto ndi anzawo otuta malashawo pa wilibala kuchokera mosungira. Ankagwira maola anayi n'kupuma maola asanu ndi atatu, usana ndi usiku, m'malo otentha ngati ng'anjo, fumbi la malasha lili m'kamwa ndi m'maso. Kuthira malasha sikungoponya fosholo basi. Munthu amayenera kuwamwaza mofanana pa moto wonse, kuswa zibuma zomwe zagwirana, kuchotsa phulusa, ndi kuyang'ana geji ya nthunzi kuti isatsike. Liwiro lililonse lomwe kaputeni ankalamula pamwamba linkachokera m'manja mwa anthu amenewa, omwe malipiro awo anali ochepa ndipo okwera ambiri sankawaona n'komwe.

Pa 11 Epulo 1912 Carpathia inanyamuka ku New York kulowera ku Fiume ili ndi okwera oposa 700, kutanthauza kuti malo ambiri a kalasi yachitatu anali opanda anthu. Kaputeni wake, Arthur Rostron, anali atangoilandira mu Januwale chaka chomwecho. Sitimayi inali ndi munthu mmodzi yekha wa wayilesi, Harold Cottam, mnyamata wa zaka 21, ndipo panalibe lamulo loti wayilesi izikhala ndi munthu usiku wonse. Akagona, sitima yonse inkakhala yogontha. Usiku wa pa 14 kulowa 15 Epulo anachedwa kugona chifukwa ankadikira yankho kuchokera ku sitima ina yotchedwa Parisian, ndipo akumasula nsapato zomvera zili m'makutu anamva siteshoni ya wayilesi ya ku Cape Cod, pagombe la America, ikutumiza mauthenga a Titanic. Anaganiza zoidziwitsa Titanic kuti ili ndi mauthenga oidikira, ndipo yankho lomwe analandira, patangodutsa pakati pausiku, linali loti abwere msanga chifukwa agunda phiri la madzi oundana. Cottam anathamangira kwa mkulu yemwe anali pa ntchito, Horace Dean, ndipo awiriwo anakadzutsa kaputeni. Sitima ina, Californian, inali pafupi kwambiri ndi Titanic kuposa Carpathia, koma munthu wake wa wayilesi anali atazimitsa makina n'kukagona ngozi isanachitike.

Chomwe chimandigwira mtima pa Rostron ndi dongosolo lake. Analamula kuti sitima itembenuke kaye, kenaka m'pamene anafunsa Cottam ngati anali wotsimikiza za uthengawo. Malo omwe Titanic inatchula anali pa mtunda wa makilomita 107 kumpoto chakumadzulo. Anaitana mkulu wa injini n'kumuuza kuti adzutse othira malasha onse omwe anali pa mpumulo, ndiponso kuti atseke nthunzi yotenthetsera zipinda ndi madzi osamba kuti yonse ipite ku injini. Madokotala atatu a m'sitimayo anawagawira zipinda zitatu zodyera, aliyense chake, ndipo dokotala wa ku Hungary, Árpád Lengyel, anapatsidwa cha kalasi yachitatu. Ophika anauzidwa kuti akonze supu, tiyi ndi khofi. Mabulangete anasonkhanitsidwa, zitseko za m'mbali mwa sitima zinatsegulidwa, magetsi anapachikidwa kunja, makwerero a zingwe anatsitsidwa, mipando yomangirira pa chingwe inakonzedwa kuti akokere odwala ndi ofooka, ndipo matumba a chinsalu otayira phulusa anaikidwa pafupi kuti akokeremo ana. Anakonzeratu ngakhale mafuta oti athire panyanja ngati mafunde atakula. Anawonjezera anthu oyang'ana kutsogolo, analamula kuti aziphulitsa zowala m'mwamba mphindi 15 zilizonse kuti omwe ali m'madzi adziwe kuti thandizo likubwera, ndipo anauza antchito kuti asadzutse okwera kuti pasakhale chipwirikiti. Taonani kuti pa zonsezi palibe chida chapadera chopulumutsira anthu. Sitima yozolowera kudyetsa ndi kugoneka anthu oposa 2,000 a zinenero zosiyanasiyana inali kale ndi miphika, mabulangete, mabedi ndi madokotala okwanira ntchito imeneyi.

Tsopano pa funso lanu la kuchedwa. Titanic inagunda madzi oundana nthawi ya 11:40 usiku ndipo inamira nthawi ya 2:20 m'bandakucha. Kuchokera pomwe Cottam anamva uthenga kufika pomwe inamira panali maola osakwana awiri, ndipo panalibe njira yoti sitima ya liwiro la Carpathia ithe mtunda umenewo m'maola awiri. Inafika cha m'ma 4 koloko. Mudzawerenga m'malo ambiri kuti usiku umenewo inathamanga makilomita 32 pa ola, kuposa kwambiri mphamvu ya injini zake. Nambala imeneyi inapezeka pogawa mtunda wa makilomita 107 ndi nthawi yomwe inatenga. Koma mu 1985, pomwe zotsalira za Titanic zinapezeka pansi pa nyanja, kunadziwika kuti malo omwe inatchula pa wayilesi anali olakwika ndi makilomita oposa 20, ndipo malo enieniwo anali pafupi ndi mbali yomwe Carpathia inkachokera. Choncho mtunda unali waufupi, ndipo liwiro lenileni linali pafupi ndi makilomita 27 kapena 28 pa ola. Ena amaona ngati kunena zimenezi n'kuchepetsa ulemu wa sitimayi, koma ine sindigwirizana nawo. Kuyendetsa sitima yokhala ndi anthu pafupifupi 1,000 pa liwiro lake lonse, mumdima wopanda mwezi, kulowa m'dera lomwe sitima ina yangophwanyikira, n'kumakhotera mapiri a madzi oundana omwe akungoonekera ndi kuwala kwa nyenyezi, n'kuika moyo pachiswe kokwanira, ndipo sikufunika kukokomeza nambala. Kutacha, a m'sitimayo anawerenga mapiri aakulu otere oposa 20 mozungulira.

Mwa mabwato opulumukira a Titanic, loyamba kulipeza linali la nambala 2, momwe munali Joseph Boxhall, mmodzi wa akuluakulu a Titanic, yemwe ankayatsa zowala zobiriwira zomwe Carpathia inaziona ili patali. Anthu anayamba kukwera nthawi ya 4:10, ndipo ndi Boxhall yemwe anauza Rostron kuti Titanic yamira. Mabwato anali atabalalika pa dera lalikulu, ena odzaza kwambiri, ena opanda amuna okwanira opalasa, motero ntchito yowatola inatenga maola oposa anayi. Lomaliza linali la nambala 12, lomwe linafika cha m'ma 8:30 lili lodzaza mpaka madzi kutsala pang'ono kulowa, ndipo munali Charles Lightoller, wamkulu kuposa akuluakulu onse a Titanic omwe anapulumuka. Opulumuka onse anali oposa 700 pang'ono, mwa anthu oposa 2,200. Omwe anagwera m'madzi sakanatha kudikira, chifukwa madziwo anali ozizira kufika madigiri awiri pansi pa ziro, ndipo munthu amafa m'mphindi zochepa m'madzi otero. Ngakhale Carpathia ikadafika ola limodzi mofulumirirapo, ikadapeza ambiri mwa iwo atafa kale. Cholakwa chenicheni chinali chakuti Titanic inali ndi mabwato 20 okha, okwana anthu 1,178, ndipo malamulo a nthawiyo ankalola zimenezo.

Rostron anachititsa mapemphero pa malo a ngoziyo, ndipo anthu anayi omwe anamwalira anawaika m'nyanja. Kenaka anayenera kusankha kolowera. Kupitiriza ulendo wa ku Ulaya kunali kosatheka chifukwa chakudya ndi zofunda sizikanakwanira, doko la Halifax ku Canada linali pafupi koma njira yake inali ndi madzi oundana, motero anasankha kubwerera ku New York. Olympic, sitima yofanana ndi Titanic pafupifupi pa chilichonse, inadzipereka kuti idzatenge opulumukawo, koma Rostron anakana poona kuti anthu omwe angotaya amuna ndi ana awo sangapirire kuona chifaniziro cha sitima yomwe yangomira. Okwera a Carpathia anapereka zipinda ndi zovala zawo, amayi ena anasoka zovala za ana kuchokera ku mabulangete, ndipo kaputeni nayenso anapereka chipinda chake. Cottam anagwira ntchito masiku atatu osagona mokwanira, akutumiza maina a opulumuka, mothandizidwa ndi Harold Bride wa wayilesi ya Titanic yemwe mapazi ake anali atavulala ndi kuzizira. Mafunso a atolankhani sankayankhidwa, zomwe zinakwiyitsa manyuzipepala, koma ndikuona kuti kuika patsogolo maina ndi mauthenga a mabanja kunali kolondola. Sitimayi inalowa mu New York madzulo a pa 18 Epulo kukugwa mvula. Inayamba yatsitsa mabwato 13 a Titanic pa doko la White Star, kenaka n'kukaima pa doko la Cunard lotchedwa Pier 54, pomwe chinamtindi cha anthu chinkadikira. M'mawa mwake Rostron anakapereka umboni ku komiti ya nyumba ya malamulo ya America yomwe inkatsogozedwa ndi William Alden Smith, ndipo pa 20 Epulo Carpathia inanyamukanso kukamaliza ulendo wake wa ku Mediterranean.

Ulemu unabwera. Komiti ya opulumuka, yomwe Margaret Brown anali mmodzi wa atsogoleri ake, inapereka chikho cha siliva kwa kaputeni ndi mamendulo kwa antchito onse, agolide kwa akuluakulu, asiliva kwa apakati ndi amkuwa kwa ena onse. Mu Malichi 1913 mtsogoleri wa dziko la America, William Howard Taft, anapatsa Rostron mendulo yagolide ya nyumba ya malamulo. Wotchi yagolide yomwe amayi atatu amasiye olemera anamupatsa inagulitsidwa ku England mu Novembala 2024 pa mapaundi oposa 1.5 miliyoni. Chofunika kuposa mphatsozi ndi kusintha kwa malamulo. America inalamula kuti sitima zazikulu zizikhala ndi anthu a wayilesi okwanira kumvetsera usana ndi usiku, mu Januwale 1914 maiko anasainirana ku London pangano loyamba la chitetezo cha miyoyo panyanja lomwe linafuna malo a m'mabwato okwanira aliyense, ndipo kunakhazikitsidwa gulu lolondera madzi oundana kumpoto kwa Atlantic lomwe likugwirabe ntchito mpaka lero. Rostron anachoka pa Carpathia, anadzayendetsa Mauretania zaka zambiri, anakhala mkulu wa makaputeni onse a Cunard, anapuma mu 1931 ndipo anamwalira mu 1940. Carpathia inangobwerera pa njira yake ya Fiume.

Njira imeneyo inatsekedwa mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, chifukwa ufumu wa Austria-Hungary unakhala mdani wa Britain. Sitimayi inapitiriza kuwoloka Atlantic ikunyamula katundu wa nkhondo, ndipo inanyamulanso asilikali a ku Canada ndi a ku America opita ku Ulaya. Mmodzi mwa anyamata omwe anaikwera mu Disembala 1917 anali Frank Buckles, yemwe anamwalira mu 2011 ali ndi zaka 110, msilikali womaliza wa America wa nkhondo imeneyo. Zinali zaka zoopsa kwa sitima zamalonda. Lusitania inamizidwa pa 7 Meyi 1915 n'kupha anthu pafupifupi 1,200, Californian ija inamizidwa kufupi ndi Greece mu Novembala chaka chomwecho, ndipo Ivernia inamizidwa m'dera lomwelo pa 1 Januwale 1917. Kuyambira Febuluwale 1917 Germany inalamula sitima zake zoyenda pansi pa madzi kuti ziziphulitsa sitima iliyonse m'madzi ozungulira Britain popanda chenjezo, ndipo Britain inayankha poyendetsa sitima zamalonda m'magulu operekezedwa ndi sitima zankhondo.

Pa 15 Julayi 1918 Carpathia inanyamuka ku Liverpool m'gulu lotere kulowera ku Boston, kaputeni wake ali William Prothero, ili ndi okwera 57 okha pamodzi ndi antchito ake. M'mawa wa pa 17 Julayi, cha m'ma 9:15, ili kummwera chakumadzulo kwa Ireland, sitima ya Germany yoyenda pansi pa madzi yotchedwa U-55 inaiponyera mabomba awiri oyenda m'madzi. Loyamba linaboola mbali ya kumanzere, lachiwiri linalowa kuchipinda cha injini n'kupha amuna asanu: atatu othira malasha pamoto ndi awiri otuta malasha. Anthu asanu amenewa ndi okhawo omwe anafa. Mu 1912 gulu limeneli ndilo linadzutsidwa pakati pausiku kuti likoleze moto, ndipo mu 1918 ndilo linali pamalo pomwe munthu sangathawe, pansi pa mzere wa madzi. Maina awo satchulidwa kawirikawiri, ndipo ndikanakonda kuti wofotokoza mbiri ya sitimayi aziwakumbukira pamodzi ndi Rostron ndi Cottam.

Wayilesi inawonongeka ndi kuphulikako, choncho Prothero anadziwitsa sitima zina za m'gululo ndi zizindikiro kuti ziitanitse thandizo, n'kulamula kuti anthu atsikire m'mabwato. Ulendo uno mabwato anali okwanira, ndipo anthu oposa 200 anatuluka amoyo. U-55 inatumphuka n'kuponya bomba lachitatu, ndipo Carpathia inamira cha m'ma 11 koloko, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kumadzulo kwa thanthwe la Fastnet. Omwe anali m'mabwato anali ndi chifukwa chenicheni chochitira mantha, chifukwa mkulu wa U-55, Wilhelm Werner, ndi yemwe mu Epulo 1917 anamiza sitima ya Torrington, n'kuimika amalinyero a sitimayo pamwamba pa U-55, kenaka n'kuilowetsa pansi pa madzi kuti amalinyerowo amire. Pomwe U-55 inkayandikira mabwato a Carpathia, sitima yankhondo ya Britain yotchedwa Snowdrop inatulukira n'kuyamba kuombera, ndipo adaniwo anathawa. Snowdrop inatola opulumukawo n'kukawasiya ku Liverpool. Nkhondo inatha pa 11 Novembala, pasanathe miyezi inayi.

Carpathia ikanapulumuka nkhondoyo, ntchito yomwe inapangidwira sikanaipezanso. Ufumu wa Austria-Hungary unaphwasuka, Hungary inataya doko la Fiume, ndipo malamulo a America a mu 1921 ndi 1924 anachepetsa kwambiri chiwerengero cha anthu a kum'mawa ndi kummwera kwa Ulaya ololedwa kulowa m'dzikomo. Saxonia, yomwe inadutsa nkhondo yonse, inaphwasulidwa mu 1925. Zotsalira za Carpathia zinapezeka m'chaka cha 2000 ndi gulu la ku America lofufuza sitima zomira lotchedwa NUMA, zili chiimire pansi pa nyanja pa kuya kwa mamita pafupifupi 150, pambuyo poti ofufuza ena chaka cham'mbuyo anasokoneza sitimayi ndi ina ya ku Germany yotchedwa Isis. Ku Rijeka, m'nyumba yosungira mbiri ya zapanyanja, muli jekete yoyandamitsa munthu ya mu Titanic yomwe Josip Car, woperekera zakudya wa mu Carpathia wochokera m'dera limenelo, anabwera nayo kwawo mu 1912, ndipo nyumba yaikulu yomwe inamangidwa mu 1908 kuti muzigona anthu odikira sitima za Cunard ikadalipo mumzindamo.